Mwana wanga wachotsa dzina lake la Chisilamu pa intaneti chifukwa cha vidiyo yanga. Nditani?

Mayi_wa_Masamu

Assalam alaikum abale ndi alongo, komanso moni kwa nonse amene si Asilamu. Uthengawu ndaulemba n'kuufufuta katatu, ndiye mundikhululukire ngati watalika.

Ndine mphunzitsi wa masamu. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikujambula timavidiyo ta mphindi ziwiri kapena zitatu tofotokoza zinthu zimene ana amapunthwa nazo kwambiri, monga ma fraction ndi kupeza x. Ndimatsamiritsa foni pa mulu wa mabuku, n'kumalemba pa kabolodi koyera, basi. Ndimavala hijabu. M'kalasi sindiivula, ndiye sindinaganizepo zoivula chifukwa cha kamera. Onditsatira anali pafupifupi 800, ambiri mwa iwo makolo ndi ana asukulu, ndipo ndemanga yoipitsitsa imene ndinalandirapo m'zaka ziwirizo inali yakuti ndimalemba 7 ngati 1.

Masabata atatu apitawo ndinaika vidiyo ya liwiro, mtunda ndi nthawi. Funso lake linali lija tonse tinakumana nalo kusukulu: galimoto yanyamuka nthawi yakuti, ikuthamanga motere, ifika nthawi yanji? Chakumapeto ndinatembenukira kamera n'kunena kuti, "Ndiye mwaona, kwatsala mphindi zitatu zokha." Munthu wina amene ali ndi omutsatira ambiri zedi anadula mawu okhawo, anaikapo kulira kwa wotchi, kenako kuphulika kwa bomba ndi utsi. Pamwamba analembapo kuti "aphunzitsi akuwerengetsa". Kavidiyo ka masekondi 11.

Ndinadziwa m'mawa mwake foni itayamba kunjenjemera osaleka ndili pa Swala ya Fajr, pemphero la m'bandakucha. Anthu anali atalondola mpaka pa tsamba langa. "Bomba mwabisa pati mayi?" "Chigawenga chodziwa masamu ndiye choopsa." "Vulani chinsanzacho tione ngati muli ndi makutu." Wina analemba kuti tibwerere kwathu. Kwathu kutinso? Ndinawerenga mpaka ndemanga 340, ndinasiya. Ku inbox ndiye kunali zonyansa zimene sindingalembe pano, zokhudza thupi langa, ndipo mmodzi anati akudziwa kumene ndimaphunzitsa ndipo tsiku lina adzabwera kudzandisecha yekha.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ambiri sanali anthu obisa nkhope. Zithunzi zawo zilipo: wina wanyamula khanda, wina wavala gauni ya digiri, wina walemba vesi pamwamba pa tsamba lake. Anthu oti mutakumana nawo pamsewu mungapatsane moni bwinobwino.

Ndinalipota ndemanga 27. Anachotsapo ziwiri, zonse zolembedwa m'Chingerezi. Za m'Chichewa zonse yankho linabwera lofanana, lakuti aunika ndipo sizikuphwanya malamulo awo. Kavidiyo kaja kalipobe mpaka lero.

Zonsezi ndikanazipirira. Ndine wamkulu, ndipo aka si koyamba kumva mawu akuti chigawenga. Chimene chandilembetsa pano ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 15. Anzake a m'kalasi anaponya kavidiyoko m'gulu lawo, iye ali momwemo. Sanandiuze. Ndinangoona sabata yatha kuti pa akaunti yake wachotsa dzina lake, limene aliyense akaliona amadziwa kuti ndi Msilamu, waikapo zilembo ziwiri ndi nambala. Chithunzi chake cha pa Eid, atavala kofia, wachichotsa, waikapo galimoto. Nditamufunsa anandiyankha maso ali pa foni kuti, "Amayi, ndikungofuna kusewera gemu mwamtendere."

Dzina limenelo ndi la malemu bambo anga. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kwathu kuno zatembenuka: wadya ndi ine, wapotedwa ndi mwana.

Bambo ake akuti nditseke akauntiyo, tiiwale. Mng'ono wanga akuti ndijambule vidiyo yoyankha, ndimutchule dzina munthuyo, adziwe kuti sitinagone. Ine mtima wanga uli pawiri. Ndikatseka, ana amene amandilembera mayeso akayandikira ndawataya, ndiponso mwana wanga aphunzira kuti akakuseka umathawa. Ndikayankha, ndikuopa kuti ndikhala ndikuthira mafuta pamoto, ndipo amene apse ndi yemweyo.

Amene zinakuchitikiranipo, munatani? Kulipotaku kuli ndi njira ina imene sindikuidziwa? Nanga mwanayu ndimuuze kuti abwezeretse dzina, kapena ndimusiye?

---

Kachipangizo

Wa alaikum salaam achemwali. Pepani kwambiri. Za mwana ndisiyira akuluakulu, ine ndiyankhe za makinawa chifukwa ndiyo ntchito yanga.

Mng'ono wanu akufuna zabwino koma musamumvere. Masamba amenewa amasankha choti aonetse anthu ambiri potengera kuchuluka kwa amene akuchigwira: kuonera mpaka kumapeto, kulemba ndemanga, kutumizira ena. Makinawo sasiyanitsa ndemanga yokwiya ndi yoseka. Msilamu aliyense amene wapita pansi pa kavidiyo kaja kukalemba kuti "opani Mulungu" wakakankhira kwa anthu ena atsopano, ndipo mwini wake akusangalala. Mukamutchula dzina ndiye mwamupatsa gawo lachiwiri laulere. Auzeni achibale onse asiye kuyankha pamenepo.

Musanafufute kapena kubuloka aliyense, jambulani ma screenshot, dzina la akaunti ndi tsiku zizioneka, ndipo musunge link yake. Makamaka uja wati akudziwa kumene mumaphunzitsa. Ameneyo wadutsa pa kunyoza, wafika pa kuopseza. Akuluakulu a pasukulu panu adziwe, ndipo kukanena kupolisi n'koyenera ngakhale mutaona ngati sachitapo kanthu, kuti pakhale cholembedwa.

Tsopano njira imene mwina simunayese. Inu mwakhala mukulipota kuti ndi mawu achidani, ndipo pamenepo kampani imayamba kuyeza ngati ndi nthabwala kapena ayi. Koma vidiyoyo ndi yanu, munajambula nokha. Masamba akuluakulu onse ali ndi fomu yapadera ya copyright, yodandaulira kuti wina watenga ntchito yako popanda chilolezo. Fomu imeneyo imayenda njira ina, ndipo kawirikawiri imayankhidwa msanga chifukwa kumbuyo kwake kuli lamulo limene makampaniwa amaliopa. Muikepo link ya vidiyo yanu yoyambirira ndi ya yobedwayo. Chenjezo limodzi: dzina ndi imelo zimene mulembe pa fomuyo zikhoza kuonetsedwa kwa amene mukumudandaulayo, ndiye musaikepo nambala ya foni kapena imelo imene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. N'zomvetsa chisoni kuti vidiyo imatetezedwa msanga kuposa mwini wake, koma gwiritsani ntchito khomo limene lili lotsegula.

Pa tsamba lanu, tsekani ndemanga kuti azilemba okhawo amene amakutsatirani, ndipo pali malo oika mawu amene simukufuna kuti azioneka. Ikanimo bomba, chigawenga ndi ena otere. Ikaninso chitetezo cha magawo awiri polowa, chifukwa gulu likakuzungulira pamakhala wina woyesa kuba akaunti.

Zakuti achotsa za Chingerezi zokha sizinandidabwitse. Ndemanga zambiri zimayamba kuunikidwa ndi makina, ndipo makinawo anaphunzitsidwa kwambiri zilankhulo zikuluzikulu. "Bomba mwabisa pati" kwa makina ndi funso wamba. Vuto limeneli linapha anthu ku Myanmar. Kumeneko nkhani zonyoza Asilamu a mtundu wa Rohingya zinayenda pa Facebook kwa zaka m'chilankhulo cha Burmese, pamene ogwira ntchito yowunika omva chilankhulocho anali owerengeka kwambiri. Mu 2017 asilikali anayamba kupha ndi kuwotcha midzi, ndipo anthu oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh. Ofufuza a United Nations ananena poyera kuti tsambalo linathandiza kufalitsa chidanicho, ndipo mu Novembala 2018 kampaniyo inavomera kuti sinachite zokwanira.

Ngakhale pamene chinthu chili choonekeratu amavutika nacho. Pa 15 Malichi 2019, munthu amene anapha Asilamu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, New Zealand, anaulutsa kuwomberako pa Facebook pomwe kunkachitika. Kampaniyo inati m'maola 24 oyambirira inachotsa makope 1.5 miliyoni a vidiyo imeneyo. Taganizani chiwerengerocho. Wopha anali mmodzi, koma manja amene ankaikanso vidiyoyo anali ankhaninkhani.

Ndipo sikuti zangokugwerani inu mwangozi. Mayi wovala hijabu ndiye amaoneka msanga kuti ndi Msilamu, ndipo amalandira ziwiri nthawi imodzi, zachipembedzo ndi zachiwerewere. Ku India mu Julayi 2021 kunatuluka app yotchedwa Sulli Deals, kenako mu Januwale 2022 ina yotchedwa Bulli Bai. Ankatenga zithunzi za amayi achisilamu odziwika, atolankhani ndi ena olankhula pagulu, n'kuziika ngati akuwagulitsa pamsika. Cholinga chinali choti achite manyazi atseke pakamwa. Ndiye pa funso lotseka akaunti, ine ndikuti pumulani sabata imodzi kapena ziwiri ngati mwatopa, koma musafufute.

---

FunsaKaye

Mayi, zimene anakuchitiraniyo n'zopusa ndipo sindikuziikira kumbuyo. Koma ndifunse mosabisa, chifukwa pano aliyense angokugwedezerani mutu. Masiku ano munthu akangotsutsa chilichonse cha Chisilamu amauzidwa kuti ndi wachidani. Ine ndilibe chipembedzo, ndipo ndimafunsa mafunso ovuta kwa Akhristu ndi Asilamu omwe. Akhristu amanyozedwa pa intaneti tsiku lililonse, abusa amasekedwa, koma sitimva kawirikawiri zikutchedwa chidani. Komanso magulu a zigawenga a Boko Haram ndi al-Shabaab si nthano, alipo, ndipo amatchula dzina la Mulungu wanu akamapha. Anthu akamaopa, kodi mantha awowo achokera kumwamba? Ndinaonaponso Asilamu akutukwana anzawo kuti makafiri pansi pa nkhani za maliro. Chidani chili mbali zonse.

---

Mayi_wa_Masamu

A Kachipangizo, Allah akulipireni zabwino. Fomu ija ndaipeza ndipo ndatumiza usiku womwe uno. Za imelo mukanapanda kunena ndikanaika ya kuntchito.

A FunsaKaye, funso lanu ndalilandira, ndipo sindikukuyesani mdani. Mukafuna kutsutsa zimene ndimakhulupirira, tsutsani. Funsani za mitala, za cholowa cha mwana wamkazi, za hijabu yomweyi. Ndikhoza kuyankha, ndikhoza kulephera, ndikhoza kukwiya, koma sindidzakulipotani. Amenewo ndi maganizo, ndipo maganizo amakanganirana.

Koma taonaninso zimene zinachitika. Ine ndimaphunzitsa liwiro la galimoto. M'vidiyo monse sindinatchule Mulungu ngakhale kamodzi. Palibe chiphunzitso chimene munthu uja anatsutsa. Anaona nsalu kumutu kwanga n'kuganiza za bomba. M'busa akasekedwa amasekedwa pa zimene wanena kapena wachita. Sindinaonepo mayi wovala mtanda akuphunzitsa ma fraction n'kufunsidwa kuti waba chakhumi cha ndani.

Za magulu mwatchulawo, mukuganiza kuti ife sitiwaopa? Mu Novembala 2014 mzikiti waukulu wa ku Kano, Nigeria, unaphulitsidwa pa Swala ya Lachisanu, anthu oposa 100 anafa. Mu Okutobala 2017 bomba la m'lole linapha anthu oposa 500 ku Mogadishu, mzinda wa Asilamu. Ndipo chimene sindiiwala monga mphunzitsi ndi Peshawar, Pakistan, mu Disembala 2014, pamene a Taliban analowa m'sukulu n'kupha ana oposa 130. Ana achisilamu, ali m'kalasi. Ndiye anthu amenewa amatipha, kenako tikatsegula foni timapeza kuti ifeyo ndi amene tikufunsidwa za bomba. Timalira maliro uku tikuyankha mlandu wa wopha.

Za Asilamu otukwana anzawo, mukunena zoona, ndinaziona, ndipo n'zonyansa. Ndikaziona kwa munthu amene ndikumudziwa ndimamuimbira foni. Koma mwana wanga wa zaka 15 sanatukwane munthu.

---

Mkulu_wa_Safu_Yakumbuyo

Assalam alaikum mwana wanga. Ndine wachikulire, foniyi anandiphunzitsa ndi adzukulu, ndiye ndilemba pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi mnyamatayo chifukwa ndi amene akundikhudza. Musamukakamize. Ndikuuzeni chinthu chimene sindinachinenepo pagulu. Ndili mnyamata, nditayamba ntchito yanga yoyamba, ndinapatsa anthu dzina lina. Palibe anandiuza kuti nditero. Ndinangomva mmene ankatchulira Asilamu pa nthawi yopuma, ndipo atandifunsa dzina, pakamwa panga panatuluka dzina la mnzanga wa kusukulu. Ndinakhala nalo zaka zinayi. Swala ya masana ndinkaiswalira m'chipinda chosungira katundu, chitseko chokhoma. Bambo anga atamva sanandikalipire. Anangopitiriza kundiitana dzina langa lenileni, mokweza, kulikonse, ngakhale tsiku limene anabwera kuntchito kudzandiona. Anzanga anafunsa kuti akuitana ndani. Ndinachita manyazi, koma osati manyazi amene ndinkawaopa aja. Akanandilalatira ndikanauma mutu.

Mwana wanuyo sanataye chikhulupiriro, wabisala. Pa msinkhu umenewo kusekedwa ndi anzako kumawawa kuposa chikwapu. Chimene ndingachite ine ndi kukaonana ndi makolo a mwana amene anaponya kavidiyoko m'gulu la kalasi, mwaulemu, popanda mnyamata wanu kudziwa tsiku lake. Ndipo muzimuitana dzina lake lonse m'nyumbamo.

Tsopano china chimene sichikoma. Mdzukulu wanga amakhala ku England, ndipo chaka cha 2024 tinagona osagona. Pa 29 Julayi ku Southport mnyamata wina anapha atsikana atatu aang'ono ndi mpeni. Maola ochepa chabe, pa intaneti panali patadzaza dzina lachiluya lopeka, ndi nkhani yakuti wopha ndi Msilamu wofika kumene pa boti kudzapempha malo. Zonse zinali zabodza. Mnyamatayo anabadwira ku Cardiff, ku Wales, mu UK momwemo. Koma tsiku lotsatira gulu la anthu linali litazinga mzikiti wa ku Southport likugenda njerwa, ndipo zipolowe zinafalikira m'mizinda ina kwa masiku angapo. Mdzukulu wanga anakhala sabata osatuluka. Ambiri amene anatumiza dzina labodzalo sanagende mwala. Anangodina.

Ndikunena izi chifukwa matenda odina msangawa ifenso tili nawo. M'magulu athu a WhatsApp mumabwera mavidiyo akuti taonani akuwotcha mzikiti, taonani akumenya mlongo wathu, tumizani kwa Asilamu onse. Ena ndi oona. Ena ndi a zaka khumi zapitazo, a dziko lina, ndipo ena si a Asilamu n'komwe. Timatumiza mtima uli phuphuphu, ana athu amaonera, ndipo amakula akudziwa kuti kunja konse kuli adani okhaokha. Qur'an mu Surah Al-Hujurat, ndime 6, imatiuza kuti munthu wosadalirika akabwera ndi nkhani tiifufuze kaye, kuopa kupweteka anthu mosadziwa n'kudzanong'oneza bondo pambuyo. Ndimeyo timakonda kuiwerengera ena. Inatsikira ife.

Bambo a mwanayo musawaone ngati amantha. Mwamuna akamva kuti wina akuti adzabwera kuntchito kwa mkazi wake, tulo sabwera. Khalani nawo pansi muwaonetse zimene a Kachipangizo alemba, aone kuti pali zochita zina kupatula kutseka.

---

Mlongo_wa_Kwaya

Amayi, ine ndine Mkhristu, ndipo ndalimba mtima kuti ndilembe chifukwa ndikuganiza kuti kavidiyo kanu ndinakaona. Ngati si kanu ndiye n'kofanana: mayi wa hijabu pa bolodi loyera, wotchi, kenako utsi. Kanabwera m'gulu lathu la kwaya, pakati pa uthenga wa nthawi ya mapulakatisi ndi pemphero la m'mawa. Anthu anaika tinkhope toseka. Ine sindinaseke, koma sindinanenenso kanthu. Ndinangodutsa. Ndinaganiza kuti ndi vidiyo yakunja, ya munthu amene sadzadziwa. Sindinaganize kuti ali ndi mwana amene akuwerenga.

Ndawerenga uthenga wanu kawiri ndipo manyazi andigwira. Ndabwerera m'gulumo, ndalemba kuti mayi uja ndi mphunzitsi, amaphunzitsa ana masamu kwaulere, ndipo mwana wake akuvutika chifukwa cha kuseka kwathu. Kwa ola lathunthu kunali zii. Kenako amene anakatumiza anafufuta, n'kundilembera kumbali kuti ndamuchititsa manyazi pagulu, inali nthabwala chabe. Mayi wina wachikulire anayankha m'gulumo kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena awiri anafunsa dzina la tsamba lanu chifukwa ana awo masamu akuwavuta. Sindinawapatse, ndati ndiyambe ndakufunsani.

Chimene ndaona n'chakuti mawu omwewo akananena Msilamu akanati akudziteteza. Poti ndanena ine wa m'kwaya momwemo, asowa poyankhira. Ndiye mwina a Kachipangizo akunena zoona kuti inu musayankhe, koma ife ena tilibe chifukwa chokhalira chete.

---

FunsaKaye

Mayi, za mtanda ndi ma fraction zija ndazimva. Ndikuumirirabe kuti mawu akuti chidani amagwiritsidwa ntchito mopyola nthawi zina, ndipo tidzakangana tsiku lina pa nkhani ina. Koma pa vidiyo yanuyi ndilibe chotsutsa. Ndakalipota nanenso.

---

Mayi_wa_Masamu

Ndabweranso patatha masiku asanu kuti ndikuuzeni mmene zilili.

Kavidiyo kaja kachotsedwa pa akaunti ya munthu uja. Fomu ya copyright inatenga masiku anayi, pamene malipoti 27 aja anatenga masabata atatu n'kungochotsa ndemanga ziwiri zokha. Ndinaseka ndekha, kuseka kowawa. Makope ena awiri ndawapeza pa maakaunti ang'onoang'ono ndipo ndatumizanso mafomu. Za m'magulu a pafoni ndiye sindingazifikire, zimenezo ndazisiya m'manja mwa Allah ndi mwa anthu ngati Mlongo wa Kwaya. Amayi, zikomo. Apatseni tsambalo makolo awiriwo, ana abwere. Ndipo musadzizunze kwambiri, nanenso ndadutsapo zinthu zambiri za anthu ena osanena kanthu.

Akuluakulu a pasukulu ndinawauza. Anandimvera bwino, ngakhale mmodzi anafunsa ngati sizingakhale bwino kuti ndizijambula manja okha ndi bolodi, nkhope isamaoneke. Ndikudziwa kuti amafuna kunditeteza. Ndinaganizira usiku wonse, chifukwa kunena zoona masamu safuna nkhope. Koma pa ana amene amandilembera pali atsikana angapo ovala hijabu, ndipo mmodzi anandiuzapo kuti anayamba kukhala kutsogolo m'kalasi ataona mavidiyo anga. Ndakana. Kupolisi tinapita ndi bambo ake a mwana, analemba, anatipatsa nambala ya nkhaniyo. Munthu woopseza uja sanalembenso, akaunti yake yasowa.

Bambo anga a Safu Yakumbuyo, nkhani yanu ndinawawerengera bambo a mwana, ndipo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti nawonso pa imelo ya kuntchito amalemba chilembo choyamba chokha cha dzina lawo, ndipo akhala akutero kwa zaka 9. Ine mkazi wawo sindinkadziwa. Makolo a mwana uja tikaonana nawo Loweruka.

Mnyamata wanga dzina sanabwezeretse. Pakadali zilembo ziwiri ndi galimoto, ndipo sindinamufunsenso. Dzulo ndinajambula vidiyo yoyamba chichitikireni zimenezi, ya ma percentage. Mulu wa mabuku uja unkagwa, ndiye ndinamuitana, dzina lonse monga munanenera, kuti adzandigwirire foni. Anabwera, anagwira, ndipo pakati pa vidiyo anandiuza kuti ndalakwitsa kuchotsera pa mzere wachitatu. Analondola. Titamaliza anandipempha kuti mawu ake ndiwadule asamveke. Ndawadula.

A Kachipangizo, funso lina. Mawu aja ndinawaika pa mndandanda wobisa, koma m'mawa uno wina walemba "b0mba" ndi ziro, wina "chiga wenga" motalikitsa, ndipo zadutsa. Kodi ndiyenera kulemba kalembedwe kalikonse pakokha, kapena pali njira yoti makinawo azigwira zonse zofanana?